Kalata ya ku Joni: nkhokwe ya Ponte ndi nkhani ya zenera

Okondedwa Amayi, a malume, achemwali ndi nonse kumudzi,

Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwayamba, kuzizira kwa ku Joni kuja kolowa mpaka m'mafupa. Ntchito ikuyenda pang'onopang'ono. Kalata iyi ndailemba poyera kuti ndi anzanga a kuno awerenge nawo, chifukwa funso lomwe mwandifunsa nawonso abale awo akuwafunsa.

Uthenga wa a malume ndaumva. Akuti ndalama zomwe ndimatumiza zachepa chifukwa ndayamba matama, ndachoka m'chipinda chotchipa n'kukalowa m'fulati ngati bwana. Umboni wake akuti ndi chithunzi chija ndinatumiza mwezi watha, ndili pazenera, kumbuyo kwanga kukuoneka chinyumba chachitali chozungulira chokhala ndi chikwangwani pamwamba. A malume, pepani, ine sindikhala m'nyumba imeneyo ayi. Ndimangoiona ndikadzuka. Tilipo atatu m'fulati yathu, ndipo timagawana lendi. Koma poti mwaitchula nyumbayo, ndiloleni ndikusimbireni mbiri yake, chifukwa yankho langa lili m'menemo.

Dzina lake ndi Ponte City, koma aliyense amangoti Ponte. Ili ku Berea, m'malire ndi Hillbrow. Inu a ku malire mukudziwa kuti pa Chipwitikizi ponte ndi mlatho, monga uja timawoloka pa Zambezi ku Tete tikamabwera kuno pa basi. Anamaliza kuimanga mu 1975. Kutalika kwake ndi mamita 173, ndiye kuti mutaimika bwalo la mpira chilili, n'kuonjezerapo theka la bwalo lina, simunafikebe pamwamba pake. Ili ndi nsanjika zoposa 50 ndi mafulati oposa 400, ndipo kwa zaka zambiri inali nyumba yogonamo anthu yaitali kuposa zonse mu Africa muno. Basi ikamayandikira mzinda usiku, chikwangwani chapamwambacho chimaonekera kutali. Kale chinali cha Coca-Cola, kenako chinadzakhala cha Vodacom.

Amayi, kuti mumvetse maonekedwe ake, ganizirani nkhokwe ya chimanga yomwe sinafoleredwe. Kapena nkhokwe zija za ku Kanengo, koma imodzi yokha, yaitali kwambiri, yamazenera kuzungulira. Chodabwitsa n'chakuti m'kati mwake ndi mphako. Kuyambira pansi mpaka kumwamba pakati pake palibe kanthu. Mafulati onse ali m'mbali, mozungulira. Ukaima pansi pa mphakoyo umaponda thanthwe lenileni lomwe anamangapo nyumbayo, losasalaza, lotsetsereka, ndipo ukayang'ana kumwamba umaona thambo lozungulira ngati uli m'chitsime. Tsiku lomwe mnzanga wina wokhala m'menemo ananditengera kumeneko, ndinavula chipewa osadziwa chifukwa chake. Mawu ukalankhula amabwerera. Kumazizira, kumachita mdima wa chisisira ngakhale masana.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu anzeru anasiya malo onsewo opanda kanthu, m'mzinda momwe malo ndi ndalama? Apa ndi pomwe pagona nkhani yanga. Omwe anajambula pulani ya nyumbayi anali atatu: Mannie Feldman, Manfred Hermer ndi Rodney Grosskopff. Malamulo a mzinda nthawi imeneyo ankati khitchini ndi bafa ziyenera kukhala ndi zenera lolowetsa kuwala ndi mpweya. Ndiye iwo anaboola pakati kuti fulati iliyonse ipeze kuwala mbali ziwiri, kunja ndi m'kati. Taonani: nyumba yotchuka kuposa zonse mu Joni muno inatenga maonekedwe ake chifukwa cha lamulo la zenera la kubafa. Boma la nthawi imeneyo linkaona kuti munthu sayenera kusamba kapena kuphika mumdima ndi m'fungo.

Koma munthu wake uti? Mzungu. Pansi pa lamulo la Group Areas Act la 1950, dera lonseli linali la azungu okhaokha. Ponte anaimangira azungu achinyamata a ndalama zawo, ambiri ongofika kumene kuchokera ku Ulaya. Pansi panali masitolo, malo oimika magalimoto ndi dziwe losambira. Pamwamba penipeni panali mafulati a nsanjika zitatu fulati imodzi, a makapeti ofewa. Analinso ndi maganizo oti m'mphako muja adzakonzemo malo otsetserekera ngati a m'maiko ozizira, koma zimenezo zinathera papepala. Anthu akuda ankaloledwa kugonamo ngati antchito basi, m'tizipinda tawo tapadera. Grosskopff anadzafotokoza patapita zaka kuti mazenera a tizipinda ta antchitowo analamulidwa kuti akhale m'mwamba, kupitirira msinkhu wa munthu, kuti wantchito asamaone m'nyumba za azungu. Zenera analandira, koma loti asaonerepo kanthu.

Ndipo ndalama zomangira mizinda yotere sizinagwe kumwamba. Zaka zimenezo mtengo wa golide unali utakwera, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali pansi pa nthaka m'migodi ya dziko lino. Agogo aamuna anali mmodzi mwa iwo, monga Amayi mumatisimbira. Ponte ili m'kati momangidwa, mu April 1974, ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kumudzi, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu a ku migodi. Agogo anaona Joni ali m'komponi ndi pawindo la sitima. Ndikayang'ana Ponte m'mawa ndimaganiza kuti thukuta lawo lili penapake m'simenti imeneyo, ngakhale kuti sakanaloledwa kukwera chikepe chake ngati mlendo.

Chisangalalo cha eni ake sichinakhalitse. Pa 16 June 1976, ana asukulu a ku Soweto anaukira boma, ndipo dziko linagwedezeka. Azungu obwera aja ena anabwerera kwawo, ena anayamba kusamukira kumpoto kwa mzinda, kumene kuli Sandton ndi madera ena. Mafulati a ku Hillbrow ndi ku Berea anayamba kukhala opanda anthu, pomwe kumalokeshoni anthu anali kusowa pogona. Ndiye anthu akuda, makaladi ndi amwenye anayamba kulowamo mobisa, nthawi zambiri mzungu wina atawasainira mapepala a lendi.

Mvetserani bwino apa, chifukwa ndi pomwe nkhaniyi anthu amaipotoza. Munthu wokhala m'nyumba mosemphana ndi lamulo sangadandaule. Paipi ikaphulika sangapite ku khonsolo, chifukwa akapita amugwira ndi iyeyo. Eni nyumba ambiri m'derali anaona mwayi: anakweza lendi n'kusiya kukonza zinthu. Lendi ikakwera, banja limodzi silingakwanitse, ndiye limaitana ena kuti agawane. Fulati ya anthu awiri imasanduka ya anthu khumi. Chikepe chomwe anachikonzera anthu ochepa chimatopa, chimafa, palibe wochidzutsa. Mabanki nawo anasiya kupereka ngongole zogulira nyumba m'derali. Pomwe lamulo la Group Areas linkathetsedwa mu 1991, zinthu zinali zitayamba kale kuola. Zaka za m'ma 1990 kunabwera anthu ambiri a ku Congo, Nigeria ndi maiko ena, ndipo Ponte inatchuka ndi mbiri yoipa: mankhwala ozunguza bongo, mfuti, uhule. Anthu a pamwamba ankangotaya zinyalala pazenera, m'mphako muja, mpaka mulu wake unakwirira nsanjika zingapo. Mphako yomwe anaiboolera kuti ibweretse kuwala inasanduka dzala. Mu 1998 panafika poti akuluakulu ankakambirana zoisandutsa ndende.

Ukakwera takisi kuno, sulephera kumva wina akunena kuti Hillbrow anaiononga ndi ife obwera. Ena mwa ife tomwe timavomereza, timati anzathu a maiko akuti ndi auve. Sindikukana kuti munali zigawenga, ndipo wotaya thumba la zinyalala pazenera analakwa, kaya anachokera kuti. Koma funsani kuti: munthu wa pa nsanjika ya 40, chikepe chitafa mwezi wathunthu, wotola zinyalala osabwera, mukuyembekeza kuti achite chiyani? Ndipo lendi ankapereka kwa yani mwezi uliwonse? Nyumba siidziwa pasipoti ya munthu wogonamo. Imadziwa ngati paipi yakonzedwa kapena ayi.

Umboni wake ndi Ponte yomweyo. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anayamba kuiyeretsa. Anachotsa zinyalala zija, anakonza zikepe, anaika alonda pakhomo. Mu 2007 amalonda awiri, David Selvan ndi Nour Addine Ayyoub, anabwera ndi pulani yomwe anaitcha New Ponte, yoti aisandutse nyumba ya anthu olemera mpikisano wa mpira wa dziko lonse wa 2010 usanafike, poti bwalo la Ellis Park lili pafupi pomwepo. Anthu ambiri anatulutsidwa m'mafulati awo kuti ntchito iyambe. Mu 2008 chuma cha dziko lonse chinagwa, ndalama zinauma, pulaniyo inafera panjira, ndipo nyumba inabwerera kwa eni ake akale, kampani ya Kempston. Olemera aja sanabwere. Omwe anadzazamo ndi anthu wamba: ogwira ntchito m'masitolo, alonda, ana a sukulu zaukachenjede, mabanja a ana aang'ono, a dziko lino ndi obwera omwe. Anthu a mtundu womwewo omwe ankanenedwa kuti ndi oononga. Koma tsopano chikepe chikuyenda, ndipo m'mphako muja mukuoneka thanthwe. Chinasintha si khungu kapena dziko la anthu ogonamo. Chinasintha n'chakuti pali wina amene ntchito yake ndi kusamala nyumbayo, ndipo ukadandaula pali ofesi yopitako.

Masiku ano azungu amalipira ndalama kuti akaione. Bungwe la Dlala Nje, lomwe linayamba mu 2012, limayendetsa alendo m'nyumbamo ndi m'misewu ya Hillbrow, ndipo lili ndi malo a ana pansi pake. Ojambula awiri, Mikhael Subotzky ndi Patrick Waterhouse, anayamba mu 2008 kujambula zenera lililonse, chitseko chilichonse ndi wailesi yakanema iliyonse m'nyumbamo, buku lawo n'kudzapata mphoto ku London mu 2015. Opanga mafilimu nawo amaikonda, koma iwo amaifuna ikhale yoopsa. Ukaiona mu District 9 kapena Chappie ungaganize kuti simugona ana opita kusukulu m'mawa.

Sindikuti ndi paradaiso. Polowa umadinda chala pamakina, mlendo amalembetsa, ndipo malamulo ake ndi okhwima moti mnzanga uja amaseka kuti ndende ija anaikana pakamwa pokha. Komanso kuti upeze fulati m'nyumba yosamalidwa chonchi amafuna mapepala ndi umboni wa malipiro. Ambiri mwa ife tilibe. Apa ndiye pali bala lenileni, ndipo ndikufuna a malume alione.

Chipinda chotchipa chomwe ndinachokamo sindinakufotokozereni bwinobwino, chifukwa sindinkafuna kuti Amayi azisowa tulo. Sinali nyumba yogonamo anthu poyamba, anali maofesi akale m'katikati mwa mzinda. Eni ake enieni sitinawaonepo. Lendi ankatolera anyamata ena, opanda lisiti. Holo imodzi anaigawa ndi mabolodi ndi makatani kukhala tizipinda tambirimbiri, ndipo kanga kanali pakati. Zenera kunalibe. Kuti ndidziwe ngati kwacha ndinkayang'ana foni. Magetsi anali olumikiza mwachinyengo, mawaya ali lendelende pamutu, ndipo akazima aliyense ankayatsa kandulo kapena chitofu cha parafini, pafupi ndi bolodi. Madzi tinkatunga pansi ndi zigubu. Usiku geti la pamasitepe ankalitseka ndi loko poopa akuba, kiyi ali ndi munthu mmodzi. Ndinakhala m'menemo zaka zitatu, ndipo feteleza yemwe munathira zaka zimenezo, ndi malata a nyumba ya Amayi, zinachokera m'kusiyana kwa lendi ya kumeneko ndi lendi ya nyumba yeniyeni. Sindikudandaula. Ndinasankha ndekha.

Ndiye kunabwera usiku wa pa 31 August 2023. Nyumba ya Usindiso, ya nsanjika zisanu, pa Albert Street ku Marshalltown, inapsa. Anthu 76 anafa, ena mwa iwo ana, ndipo pakati pawo panali Amalawi anzathu. Munamva pawailesi, ndipo mukukumbukira kuti achemwali anandiimbira kasanu m'mawa umenewo ndisanayankhe. M'kati mwa nyumbayo munali monga m'mene munalili mwathu muja: tizipinda ta mabolodi, njira zothawira zotsekeka, mageti a zitsulo. Ena analumpha pamazenera. Nthawi ya tsankho nyumba yomweyo inali ofesi ya mapasi, kumene anthu akuda ankaima pamzere kupempha chilolezo chokhala mumzinda. Ndipo mwini wake sanali chigawenga chosadziwika ayi, inali khonsolo ya mzinda wa Johannesburg. Munthu wina anavomera kuti ndiye anayatsa motowo, koma komishoni yofufuza, yomwe anaitsogolera jaji wopuma Sisi Khampepe, inanena mu 2024 kuti khonsoloyo ili ndi mlandu chifukwa inkadziwa m'mene nyumbayo inalili ndipo sinatsate malamulo ake omwe.

Usiku wotsatira ndinagona chagada m'kachipinda kanga n'kuwerenga mapazi kuchokera pamphasa panga kukafika pageti lokhoma lija. Ndinaganiza za kiyi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Zinanditengerabe nthawi yaitali kuti ndisonkhanitse ndalama ya chikole ndi kupeza anzanga awiri, mmodzi wa mapepala abwino woti asaine, koma mtima unali utachoka kale usiku umenewo.

Tsono taikani nyumba ziwirizi pamodzi. Zili mumzinda umodzi, mtunda woti munthu n'kuyenda wapansi. Ina anaiboola pakati, n'kutaya malo a ndalama zankhaninkhani, kuti bafa la mzungu lisasowe zenera. Inayo, patapita zaka pafupifupi 50, m'dziko la ufulu, anthu anagonamo mopanda zenera ndi mopanda khomo lothawira, mwini wake ali boma. Malamulo a zomangamanga sanafe, alipo m'mabuku. Chomwe chikusowa ndi munthu woona kuti wogona kuseri kwa bolodiyo naye ndi woyenera lamulolo. Kale ankasankha ndi khungu. Lero amasankha ndi mapepala ndi thumba, ndipo ife obwera timapezeka kumunsi kwa zonse ziwiri. Boma likabwera m'nyumba zoterezi kawirikawiri limabwera ndi apolisi kudzafunsa mapasipoti, osati ndi wokonza mawaya. Ndiye anthu amabisala, ndipo wobisala sadandaula, chimodzimodzi anzathu a ku Hillbrow a zaka za m'ma 1980 aja.

Ndikudziwa chomwe a malume anene: kuti sindinapite ku Joni kukaona thambo pazenera, ndinapita kukasaka ndalama, ndipo mlendo ndi mame. Zoona. Thumba la feteleza silidikira. Fizi ya ana a achemwali siidikira. Ndalama yomwe ikupita ku lendi ikanagula zambiri kumudzi, ndipo ndikaiwerenga pa kwacha mutu umandiwawa inenso. Koma tiwerengenso mbali inayo. Inu nomwe mwasonkhapo ndalama pamudzi zobweretsera maliro kuchokera kuno, mukudziwa kuti bokosi kudutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Zobue limadya ndalama zingati, ndi masabata angati omwe banja limakhala pa siwa kudikira mapepala. Ndipo ikatha miyambo, wotumiza uja palibenso. Kuchepa kwa ndalama komwe mukukuonaku ndi mtengo woti ndizitumizabe chaka chamawa.

Kwa anzanga a kuno, ndikudziwa kuti si aliyense angasamuke mawa. Ena muli ndi ana, ena ganyu ikusowa, ena mapepala anatha kalekale. Sindikukuwerengerani mlandu, ndinali komweko. Koma pali zina zosafuna ndalama. Dziwani amene amasunga kiyi wa geti, ndipo limbanani kuti makiyi akhale angapo. Yendani masitepe onse masana kuti mudziwe otseguka ndi otsekedwa. Kandulo isagone ikuyaka. Ndipo kumudzi auzeni zoona za pomwe mukugona. Ambiri timajambulitsa pa Nelson Mandela Bridge kapena kutsogolo kwa galimoto ya bwana, abale n'kumaganiza kuti tikudya bwino, ndiye akamapempha zambiri timawada chifukwa cha bodza lathu lomwe. Ine ndinabisa zaka zitatu, ndipo a malume sindingawadzudzule poganiza kuti ndinali pabwino kale.

Tsopano iwe mphwanga, ndamva kuti ukufuna kubwera ukatha kukolola. Sindikukuletsa, ndiwe wamkulu. Koma usanyamuke chifukwa cha chithunzi chija. Bwera ndi pasipoti yako yeniyeni, udindidwe pa chipata, usamvere a mathiransipota okuuza kuti adzakudutsitsa kutchire. Mwezi woyamba udzagona pabalaza pathu, ndalankhula kale ndi anzanga ndipo avomera, bola uzidzaphika. Aliyense akadzakuuza za chipinda chotchipa m'tauni, udzandiuze tikachione limodzi, ndipo choyamba kuyang'ana si mtengo, ndi zenera ndi khomo lachiwiri. Loweruka lina ndidzakutengera ku Ponte ukaime pathanthwe paja uyang'ane kumwamba. Ubwere ndi juzi, m'mphakomo mumazizira.

Amayi, bulangete ndi mafuta ophikira ndapatsira a basi ya Lachisanu, mukalandire ku Lilongwe monga kale. Ndalama ya mwezi uno ifika pa 30, yocheperapo monga ndafotokozera. A malume, musakwiye nane, mundiyankhe. Mundiuzenso ngati ng'ombe ija inachira. Perekani moni kwa a mfumu ndi kwa onse a kutchalitchi.

Ndine mwana wanu,
wa ku Berea